Nembanemba ya selo: mpanda wosankha cholowa ndi chotuluka

Pa mliri wa kolera womwe udayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, chimodzi mwa zida zikuluzikulu za azaumoyo chidali madzi osakaniza mchere ndi shuga, omwe ambiri amawadziwa kuti Thanzi ORS. Chinsinsi cha mphamvu ya madziwa chagona pa kanthu kosaoneka ndi maso kotchedwa nembanemba ya selo.

Kodi nembanemba ya selo n'chiyani?

Thupi la munthu lidapangidwa ndi maselo pafupifupi 30 thililiyoni, ndipo selo iliyonse idakutidwa ndi kachikopa kopyapyala komwe kamalekanitsa zam'kati ndi zakunja. Kachikopaka ndiko nembanemba. N'kopyapyala zedi moti pangafunike kusanjikiza nembanemba pafupifupi 10,000 kuti zifanane ndi kuchindikala kwa pepala limodzi.

Mbali yaikulu ya nembanemba ndi mafuta otchedwa phospholipid. Kachidutswa kalikonse ka mafutawa kali ndi mutu wogwirizana ndi madzi komanso michira iwiri yodana ndi madzi. Popeza m'kati ndi kunja kwa selo muli madzi, tizidutswati timandandalika m'mizere iwiri: mitu imayang'ana kumadzi, michira n'kubisala pakati. Asayansi a ku Netherlands, Evert Gorter ndi François Grendel, ndiwo adafotokoza za mizere iwiriyi mu 1925 atafufuza maselo ofiira a magazi.

Mu 1972, Jonathan Singer ndi Garth Nicolson a ku America adafotokoza kuti nembanemba si youma ngati khoma la njerwa. Mafuta ake amayendayenda, ndipo m'kati mwake mumayandama mapuloteni omwe amagwira ntchito ya makomo, mapampu ndi alonda. Mulinso cholesterol, yemwe amathandiza kuti nembanemba isalimbe kapena kufewa mopitirira.

Njira zosafuna mphamvu

Zinthu zosungunuka zimafalikira zokha kuchoka pomwe zachuluka kupita pomwe zachepa, monga momwe fungo la ndiwo limadzazira nyumba yonse. Asayansi amatcha zimenezi diffusion. Mpweya wa okosijeni umalowa m'magazi kuchokera m'mapapo mwa njira imeneyi, ndipo mpweya woipa wa carbon dioxide umatuluka chimodzimodzi. Mipweyayi imapyola mafuta a nembanemba popanda chotchinga.

Shuga ndi mchere sizingathe kupyola mafutawa, choncho zimadzera m'mapuloteni, ndipo puloteni iliyonse imalola mtundu wakewake wa zinthu. Apa ndi pomwe pagona vuto la matenda a shuga. Insulin ndiye amachititsa maselo a minofu kuika makomo a shuga panembanemba zawo. Akasowa kapena akaleka kugwira bwino ntchito, shuga amaunjikana m'magazi m'malo molowa m'maselo.

Madzi nawo amayenda kuchoka komwe mchere kapena shuga wachepa kupita komwe wachuluka, zomwe zimatchedwa osmosis. N'chifukwa chake nsomba yothiridwa mchere imatuluka madzi, ndipo chimanga chimapsa ngati feteleza wathiridwa wambiri pafupi ndi mizu nthaka ili youma. Madzi ali ndi makomo awoawo otchedwa aquaporin, omwe ndi ochuluka mu impso ndi m'maselo ofiira a magazi. Peter Agre, yemwe adawatulukira, adalandira mphoto ya Nobel mu 2003.

Njira zofuna mphamvu

Nthawi zina selo imafunika kukankha zinthu kuchoka pomwe zachepa kupita pomwe zachuluka kale, ngati kutunga madzi n'kukwera nawo phiri. Ntchitoyi imadya mphamvu yochokera m'chakudya, yomwe selo imasunga mu ATP.

Chitsanzo chodziwika ndi pampu ya sodium ndi potassium, yomwe Jens Skou wa ku Denmark adaitulukira mu 1957 pofufuza mitsempha ya nkhanu. Pa ulendo uliwonse, pampuyi imatulutsa tizidutswa titatu ta sodium n'kulowetsa tiwiri ta potassium. Kusiyana komwe kumakhalapo pakati pa m'kati ndi kunja kwa selo ndiko kumachititsa kuti mitsempha itumize mauthenga komanso kuti mtima ugunde.

Zinthu zikuluzikulu zomwe sizingakwane pakhomo lililonse zimamezedwa. Nembanemba imapindika n'kuzikulunga m'kathumba, monga amachitira maselo oyera a magazi akagwira tizilombo toyambitsa matenda. Selo imatulutsanso zinthu ngati insulin kudzera m'timatumba totere.

Kolera ndi mphamvu ya ORS

Tizilombo ta kolera timatulutsa poizoni yemwe amamatirira kunembanemba za maselo a m'matumbo n'kulowa m'kati. Poizoniyu amasiya makomo a chloride ali otseguka. Chloride akatuluka, sodium amatsatira, madzi nawonso n'kulondola mcherewo. Zotsatira zake ndi kutsegula m'mimba kwa madzi onga otsukira mpunga, ndipo wodwala kwambiri angathe kumwalira m'maola ochepa chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi.

Mwayi ulipo ngwakuti poizoniyu sawononga khomo lina la m'matumbo lomwe limalowetsa sodium ndi shuga wa glucose pamodzi. Khomoli siligwira ntchito pokhapokha zonse ziwiri zitapezeka. Zikalowa, madzi amatsatira n'kubwerera m'magazi. Robert Crane wa ku America ndiye adafotokoza za khomoli mu 1960, ndipo mu 1971 dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, adapulumutsa anthu ambiri othawa nkhondo ya ku Bangladesh powamwetsa madzi a mchere ndi shuga pomwe madiripi adali atasowa.

Apa pakuonekeranso chifukwa chomwe muyeso uli wofunika. Paketi imodzi ya ORS imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Madzi akachepa, kapena wina akaonjezera shuga kuti azune, osmosis imakokera madzi m'matumbo m'malo mowabwezera m'magazi, ndipo kutsegula m'mimba kumakula. N'chifukwa chake zakumwa zozuna kwambiri za m'mabotolo sizingalowe m'malo mwa ORS.

Azaumoyo amalangiza kuti wodwala ayambe kumwa ORS akadali pakhomo ndipo apitirize ali pa ulendo wa kuchipatala. Yemwe wafooka kwambiri, kapena akusanza moti sakutha kumwa, amafunika diripi mwamsanga, chifukwa diripi imafikitsa madzi ndi mchere m'magazi mosadzera m'matumbo.