Mai Hattie McDaniel, Wanchito wa m'Kanema

Tikapita kukaonera kanema, maso athu amathamangira kwa mnyamata wolimba mtima ndi namwali wokongola. Koma madzulo ano ndifuna tikambe za uja amaima pambali atanyamula mbale, ndiwo Mai Hattie McDaniel a ku America.

Maiwa anabadwira ku Wichita, m'dera la Kansas, ndipo makolo ao anali atakhalapo akapolo. Anakulira ku Denver, nayamba kuyimba ndi kucita masewero m'magulu oyendayenda. Ndalama zitabvuta m'caka ca 1929, anagwira nchito yosamala cimbudzi m'nyumba ina ya zakumwa ku Milwaukee, kufikira mwini wace anawalola kukwera pansanja ndi kuyimba.

M'caka ca 1931 anafika ku Los Angeles, kumene amapanga kanema. Masiku amenewo mkazi wakuda sanali kupatsidwa mbali ina koma ya wophika kapena ya wanchito wa m'nyumba. Mai McDaniel anailandira, koma wanchito wao sanali wacete: anali ndi nzeru, ndipo sanaope kudzudzula dona wace.

Luso lao linaonekera m'kanema wochedwa Gone with the Wind, wa 1939, m'mene anasewera ngati Mammy. Pomuonetsa koyamba ku Atlanta iwo sanapiteko, cifukwa ca malamulo olekanitsa Azungu ndi anthu akuda. Pa 29 February 1940 analandira mphotho ya Oscar, woyamba mwa anthu akuda onse. Koma pa phwandolo anawakhazika pa kathebulo kapadera, kutali ndi anzao.

Anthu a mtundu wao nawonso anagawanika. Ena anakondwera, ena anati masewero oterewa akuphunzitsa dziko kuti munthu wakuda malo ace ndi kukhichini. Iwo anayankha kuti nkwabwino kusewera ngati wanchito kusiyana ndi kukhala wanchito weniweni, pakuti nchitoyo anali ataigwirapo ndi manja ao.

Anamwalira pa 26 October 1952. Anapempha kuti akagone m'manda a Hollywood, koma eni ace anakana cifukwa ca khungu, ndipo anaikidwa ku Rosedale. Mwala wa cikumbutso unaimikidwa m'manda anawakana aja m'caka ca 1999.

Nanga inu mukuti bwanji? Munthu akatsegulidwa khomo lakuseri lokha, kodi alowe kapena aime panja? Kambiranani kumeneko. Tsalani bwino.