Anthu Amene Anafuna Kuwongola Kalendala

Kodi munayamba mwadzifunsapo chifukwa chake mwezi wina uli ndi masiku 30, wina 31, koma Febuluwale 28 basi? Wolipidwa pamwezi amalandira zofanana pa Febuluwale ndi pa Malichi, chonsecho masiku ogwira ntchito ndi osiyana. Nkhani imeneyi inasowetsapo tulo anthu akuluakulu, ndipo ena anayesadi kuikonza.

Kalendala imene tili nayoyi anaikonza ndi Papa Gregory XIII mu 1582. Yakale ya Julius Caesar inkatalikitsa chaka ndi mphindi pafupifupi 11, ndiye patapita zaka zambiri Pasaka anayamba kuchoka pa nyengo yake. Papa analamula kuti adumphe masiku 10. Anthu anagona Lachinayi pa 4 Okutobala, n'kudzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Dziko la Portugal linamvera chaka chomwecho, pomwe Angerezi anakana mpaka 1752. Koma onani, Papayo mlungu sanaukhudze. Lachisanu linabwerabe pambuyo pa Lachinayi.

Amene analimba mtima ndi a ku France. Atagwetsa mfumu yawo, mu 1793 anakonza miyezi 12 ya masiku 30 uliwonse, masiku 5 otsalawo akhale a zikondwerero. Ine monga mlimi mayina a miyeziyo amandisangalatsa: Pluviôse wa mvula, Germinal womera mbewu, Messidor wokolola. Makolo athunso ankawerengera nyengo poona mvula ndi za kumunda. Kungoti mayinawo anali a nyengo za kwawo komweko. Germinal amayamba mu Malichi, pamene ife kuno tikudya kale chimanga chachiwisi.

Chimene chinawapweteka n'chakuti anathetsa mlungu wa masiku 7, n'kuika wa masiku 10. Taganizani, wantchito amene ankapuma tsiku limodzi pa 7, tsopano azipuma limodzi pa 10! Kumidzi ambiri anangopitiriza kusunga Lamulungu lawo. Napoleon anabwezera kalendala ya Papa ija pa 1 Januwale 1806.

Kenaka kunabwera Mngerezi wina wogwira ntchito ku kampani ya sitima, Moses Cotsworth. Mu 1902 iye anati tikhale ndi miyezi 13 ya masiku 28, mwezi watsopano wotchedwa Sol ulowe pakati pa Juni ndi Julayi. Mwezi uliwonse uziyamba Lamulungu n'kutha Loweruka. Kalendala imodzi yokwana moyo wonse, osagulanso chaka ndi chaka. Ndinene zoona, nzeru imeneyi ndi yokoma kuimva, ngakhale a nyumba za lendi akanamalipira ka 13 pa chaka. Mwini kampani ya Kodak, George Eastman, anaikonda moti anaiyambitsa pa kampani yake mu 1928.

Tsono werengani nane: 13 kuchulukitsa ndi 28 ndi 364. Patsala tsiku limodzi. Cotsworth anati tsikulo likhale lopanda dzina, kunja kwa mlungu. Apa m'pamene panagona nkhani. Tsiku lotere mukaliika pambuyo pa Loweruka, munthu wowerenga masiku 7 mosadumpha apeza Sabata lake lagwera pa Lachisanu chaka chotsatira, chinacho pa Lachinayi. Ndiye asankhe chiti, ntchito kapena kupemphera? Ayuda ndi a Seventh-day Adventist anakana kwamtuwagalu pamene League of Nations inkakambirana nkhaniyi mu 1931. Kwa ine anali ndi mfundo, pakuti kalendala imeneyo ikanapepuza alembi a m'maofesi, mtolo n'kugwera wantchito wamba.

Mayi wina wa ku America, Elisabeth Achelis, anabweretsa ina ya miyezi 12, koma nayonso inali ndi tsiku lopanda dzina lija. Inafika mpaka ku United Nations, koma mu 1955 boma la America linati ayi, potchula za chipembedzo, ndipo nkhaniyo inazilala. Ku Kodak anapitiriza kuwerengera ndalama zawo pa miyezi 13 mpaka 1989, kenaka nawonso anaisiya.