Kuwerenga Zilembo za pa Dinari

Dinari ndi ndalama yasiliva imene Aroma anayamba kusula cha m'ma 211 BC, ali pa nkhondo ndi Hannibal. M'mimba mwake ndi pafupifupi masentimita awiri basi, koma kamalo kameneka Aroma ankakadzaza ndi mayina, maudindo ndi mbiri ya nkhondo. Wosonkhanitsa ndalamazi amene satha kuwerenga zilembozo amangosunga siliva chabe.

Mbali imene pali mutu wa mfumu akatswiri amaitcha obverse, ndipo kuseri kwake amati reverse. Mawu ozungulira m'mphepete ndiwo legend. Dinari iliyonse inkasulidwa pamanja: ankaika kachidutswa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi nyundo. N'chifukwa chake zambiri n'zopendekeka, ndipo zilembo zina zinagwera kunja kwa mphepete. Wowerenga ayenera kudziwiratu mawu amene akuyembekezeka kuti athe kumaliza odukawo. Akumbukirenso kuti Aroma ankalemba V pamene ife timalemba U.

Mawuwo ndi achidule, ndipo nthawi zambiri salekanitsidwa. IMP ndi imperator, mkulu wa asilikali wopambana. AVG ndi Augustus, dzina laulemu la mfumu. P M ndi pontifex maximus, mkulu wa ansembe. P P ndi pater patriae, tate wa dziko. COS ndi udindo wa consul, ndipo TR P ndi mphamvu za mtetezi wa anthu wamba, zimene mfumu inkalandiranso chaka ndi chaka. Awiri omalizawa ndiwo ofunika koposa. Dinari silemba chaka monga ndalama zathu za lero, choncho nambala yotsatira COS kapena TR P ndiyo imaulula nthawi.

Tatengani dinari ya mfumu Trajan. Kumaso kwalembedwa IMP TRAIANO AVG GER DAC P M TR P, kuseri COS V P P SPQR OPTIMO PRINC. GER ndi DAC akunena kuti anagonjetsa Ajeremani ndi anthu a ku Dacia, ndipo dzina la Dacicus analilandira mu 102 AD. Udindo wa consul anautenga kachisanu mu 103, kachisanu n'chimodzi mu 112. Ndiye kuti ndalama yolembedwa COS V inasulidwa pakati pa 103 ndi 111. Zilembo zomalizazo zikuti nyumba ya malamulo ndi anthu a Roma akuipereka kwa mtsogoleri wabwino koposa. Mawu otamandawo anachokera ku boma lake lomwe, choncho tiwawerenge monga mmene mfumu inkafunira kuoneka kwa msilikali wolandira malipiro ndi kwa wamalonda pamsika.

Ambiri a ife dinari tinakumana nayo m'Baibulo, pamene Yesu anafunsa za chithunzi ndi dzina la pa ndalama ya msonkho. Osonkhanitsa ambiri amati inali ya Tiberius, amene analamulira kuyambira 14 mpaka 37. Payo palembedwa TI CAESAR DIVI AVG F AVGVSTVS. F ndi filius, mwana, ndipo DIVI AVG ndi Augustus amene atamwalira anamuyesa mulungu. Ukawerenga zimenezi umamvetsa chifukwa chake ndalama yotere inali yowawitsa mtima kwa Myuda wopembedza.

Pambali pa maso, pamafunika sikelo. Dinari ya nthawi ya Augustus inkalemera pafupifupi magalamu 3.9. Nero anaichepetsa mu 64, ndipo mafumu otsatira anapitiriza kusakaniza siliva ndi mkuwa. Ikapepuka kwambiri kuposa zinzake za nthawi yake, mwina ndi fourrée, ndalama yachinyengo yakale ya mkuwa wokutidwa ndi siliva. Mtundu wakuda umene siliva amachita akakhalitsa, toning, usakwechedwe, chifukwa kukwecha kumafafaniza zilembo ndi kugwetsa mtengo.

Mukawerenga zonse, mumafufuza m'mabuku a Roman Imperial Coinage, amene Harold Mattingly ndi Edward Sydenham anayamba kutulutsa mu 1923, kuti mupeze nambala ya ndalamayo. Funsaninso wogulitsa kumene inachokera, pakuti yofukulidwa mwakuba imataya mbiri ya malo ake. Woyamba kumene ndi bwino agule dinari wamba yooneka bwino zilembo, ya Trajan kapena Hadrian, aiwerenge yekha chilembo ndi chilembo asanatsegule buku.