Khoma, Ntchito ndi Ulamuliro: Mawu a Luso la M'nthawi ya Mussolini

Pa ulamuliro wa Benito Mussolini ku Italy, kuyambira 1922 mpaka 1943, khoma la nyumba ya boma linkatengedwa ngati malo ophunzitsirapo anthu, ndipo mawu ambiri ofotokozera luso la nthawiyo amachokera pa ganizo limeneli. Mu 1933 katswiri wojambula Mario Sironi anatulutsa chikalata chotchedwa Manifesto della pittura murale, chomwe chinkakweza chojambula cha pakhoma, choonedwa ndi aliyense, kuposa chithunzi chopachikidwa m'chipinda cha munthu mmodzi.

Njira zimene ankazikonda zinali zakale ndi zokhalitsa: affresco, komwe ndi kupaka utoto pulasitala asanaume kuti utotowo ulowerere m'khoma, mosaico, kulumikiza timiyala kapena timagalasi tamitundumitundu, ndi bassorilievo, kusema mwala kuti chithunzi chitukuke pang'ono chabe. Pambali pa zojambulazo nthawi zambiri pankakhala fascio littorio, mtolo wa ndodo womangidwa pamodzi ndi nkhwangwa, chizindikiro cha ulamuliro chomwe anachitenga ku Roma wakale.

Liwu lofunika kulimvetsa kuposa onsewa ndi corporativismo, chiphunzitso chakuti olemba ntchito ndi olembedwa ntchito asakangane, koma akhale m'mabungwe oyang'aniridwa ndi boma ngati ziwalo za thupi limodzi. Mfundo zake zinalembedwa mu 1927 m'chikalata cha Carta del Lavoro, chimene Sironi anachitamanda pa zenera lalikulu la magalasi amitundu ku unduna woona za mabungwewo mumzinda wa Rome, ndipo pambuyo pake anapanganso mosaico yotchedwa L'Italia corporativa yomwe ili ku Milan. M'zojambula zamtunduwu mlimi, wosula zitsulo ndi womanga nyumba amaoneka amphamvu, odekha ndi aulemerero, koma nkhope zawo sizionetsa munthu weniweni wokhala ndi dzina kapena dandaulo, ndipo izi sizodabwitsa, popeza lamulo la 1926 linali litaletsa kale kunyanyala ntchito ndipo mabungwe odziimira paokha a ogwira ntchito anali atalandidwa mphamvu.

N'chifukwa chake kusunga zojambulazi kumafuna kufotokoza, osati kubisa. Chojambula cha Sironi cha 1935 m'holo yaikulu ya yunivesite ya Sapienza chinapakidwanso utoto nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha pofuna kuphimba zizindikiro za chipani cha Mussolini, koma ntchito yokonza yomwe inatha mu 2017 inazivundukulanso, ndipo ophunzira tsopano amachiona monga momwe chinalili.