Dziko limene linaweta mphepo

Ine dziko la Uruguay ndinalida kwa nthawi yaitali. Anzanga okonda mpira akudziwa chifukwa chake: usiku uja wa mu July 2010 pamene Luis Suárez anagwira mpira ndi manja pakhomo pa golo ku Johannesburg, n'kugwetsa anyamata a Ghana omwe tonse tinkawachemerera. Ndinagona osadya. Sindinkadziwa kuti chaka chomwecho andale a ku Montevideo anachita chinthu chimene lero chikundipatsa kaduka.

Tiyambire kumbuyo pang'ono. Uruguay ndi kadziko ka anthu pafupifupi 3.5 miliyoni, ndipo ng'ombe kumeneko zimaposa eni ake katatu. Pansi pa nthaka yawo sakumbapo mafuta, malasha kapena gasi. Magetsi ankadalira madamu, monga la Rincón del Bonete pa mtsinje wa Negro lomwe linayamba ntchito mu 1945, ndi la Salto Grande limene amagawana ndi Argentina. Mvula ikagwa bwino zinthu zinkakhala myaa. Ikavuta, boma linkayatsa makina oyendera mafuta ogula kunja. Awerengi, kodi nkhaniyi sikumveka ngati ya kwathu kuno?

Mu 2008 zinafika posauzana. Madzi anachepa m'madamu, ndipo mu July mtengo wa mgolo umodzi wa mafuta unakwera mpaka madola 147. Pulezidenti Tabaré Vázquez, yemwe ntchito yake yeniyeni inali udokotala wa khansa, anapereka udindo woyang'anira za mphamvu kwa Ramón Méndez Galain, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite. Panali ena amene ankalota za nyukiliya, koma maganizo amenewo sanapite patali. Méndez ndi anzake anayang'ana chimene Mulungu anawapatsa chaulere m'madambo a ng'ombe aja: mphepo.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye mundilole ndichedwepo. Boma linalibe ndalama zomangira nsanja za mapiko atatu zija. Linaitana makampani, a m'dzikomo ndi akunja, kuti apikisane: ndani angagulitse magetsi motsika mtengo? Wopambana ankamanga ndi ndalama zake, ndipo kampani ya boma ya UTE inkalonjeza kugula magetsi ake onse kwa zaka 20 pa mtengo wogwirizana. Koma munthu wa ndalama saika chuma chake pa lonjezo limene lingafe tsiku la chisankho. N'chifukwa chake mu 2010, pamene ankalowa José Mujica, mkulu uja anakhalapo m'ndende zaka zoposa khumi ndipo ankayendera kagalimoto kakale ka Volkswagen, zipani zonse za m'nyumba ya malamulo zinagwirizana kuti mfundo za mphamvu, zofika mpaka 2030, zisamasinthe ndi boma. Olamula ndi otsutsa anasainira pepala limodzi! Ndaliganizira kangapo pepala limeneli ndikamaona momwe ife timasiyira maziko a nyumba kumera udzu chifukwa choti mwala woyamba anaika ndi wa chipani china.

Zotsatira zake sizinachedwe. Pasanathe zaka khumi, makina a mphepo anafika pa mamegawati pafupifupi 1,500. Anawonjezerapo dzuwa, komanso magetsi ochokera ku zotsalira za mitengo m'mafakitale ndi mankhusu a mpunga. Madamu aja anasanduka nkhokwe: mphepo ikamawomba amasunga madzi, ikaleka amatsegula. Kuyambira pamenepo, zaka zambiri magetsi oposa 90 pa 100 alionse sachokera ku mafuta, ndipo zaka zina afikapo pa 98. Dziko limene linkapempha moto kwa anansi linayamba kugulitsa magetsi ku Brazil ndi ku Argentina.

Komatu ndisakunamizeni kuti kumeneko ndi ku Kenani. Anthu wamba amadandaulabe kuti bilu ya magetsi ndi yowawa, ndipo otsutsa amati UTE imalipira makampani aja ngakhale pamene magetsi achuluka kuposa ofunika. Galimoto zambiri zikumwabe petulo ndi dizilo.

Ifenso magetsi athu ambiri ndi a madzi, koma mazira onse tinaika mu mtsinje umodzi. Nkula, Tedzani, Kapichira, onsewa ali pa Shire. Madzi atachepa, mu 2018 dziko linabwereka majenereta a dizilo. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima kwa chaka ndi miyezi, ndipo a zigayo, owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi ndi amene anaumva kuwawa. Makina a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, anayamba mu 2021. A ku Golomoti anatsatira mu 2022. Ndi chiyambi, sindikana.

Nawonso a Uruguay chilala sichinawaiwale. Mu 2023 damu la Paso Severino, lomwe limamwetsa Montevideo, linatsala pang'ono kuuma, ndipo m'mipopi munayamba kutuluka madzi a mchere. Chaka chimenecho anayatsanso makina a mafuta, nagulanso magetsi ku Brazil. Mapiko aja, pakati pa ng'ombe, ankangozungulira.