Kachilombo kobisala: mbiri ya khansa ya khomo la chiberekero

Amayi anzanga, m'chaka cha 1842 dokotala wa ku Italy, Domenico Rigoni-Stern, anafufuza m'kaundula wa anthu omwalira mumzinda wa Verona. Anapeza kuti khansa ya chiberekero inkapha kwambiri amayi apabanja, pomwe masisitere inkawagwira mwa apo ndi apo. Chifukwa chake sichinadziwike kwa zaka zoposa 100.

Mu 1983 ndi 1984, Harald zur Hausen ndi anzake ku Germany anapeza tizilombo ta HPV 16 ndi HPV 18 m'zotupa za khomo la chiberekero. Mu 2008 iye analandira mphoto ya Nobel.

Kenako zinadziwika kuti kachilomboka, kamene kamafala pogonana, ambiri timakatenga. Mwa anthu 10 alionse, pafupifupi 9 chitetezo cha m'thupi chimakagonjetsa pasanathe zaka ziwiri. Mwa ena kamangobisala mwakachetechete, chitetezo chitakapanikiza, n'kudzadzuka chitetezocho chikafooka. Choncho kakapezeka lero, si umboni woti wina m'banjamo wayenda njira dzulo. N'chifukwa chakenso khansayi imagwira kwambiri amayi omwe ali ndi HIV.

Katemera woyamba anavomerezedwa mu 2006, ndipo kuno ku Malawi atsikana a zaka 9 anayamba kubayidwa m'dziko lonse mu 2019.

Agogo athu analibe mwayi umenewu. Bayitsani atsikana anu, imwani ma ARV mosadumphitsa ngati munayamba, ndipo kayezetseni khomo la chiberekero ngakhale simukumva kuwawa.