Mmene ikwalaiza inalowera m'galimoto

Ikwalaiza, chipangizo chokwezera kapena kutsitsira magawo osiyanasiyana a mawu a nyimbo, inayambira pa nthambo za lamya. Mawu akamayenda mtunda wautali pa waya, gawo lake lokwera linkafooka msanga kuposa lotsika, moti wolankhulayo ankamveka ngati wafunda bulangete kumutu. Amisiri a lamya ankaika zipangizo zolinganiza magawowo kuti afike mofanana, ndipo dzina lakuti ikwalaiza linachokera pa ntchito yolinganizayo. Pambuyo pake lusoli linalowa m'nyumba zojambulira mafilimu ndi nyimbo.

Wailesi inalowa m'galimoto ikwalaiza isanaganiziridwe n'komwe kumeneko. Mu 1930 kampani ya Paul Galvin ya ku Chicago inayamba kugulitsa wailesi yotchedwa Motorola, ndipo Blaupunkt inatulutsa yake ku Germany mu 1932. Zinali za sipika imodzi, ndipo chimene chinkasowetsa amisiri mtendere chinali kuthetheka kwa magetsi a injini kumene kunkalowerera m'mawu. Nkhani ikamveka, basi zatheka. Njira yabwino yosinthira besi (mawu otsika) payokha ndi tirebo (mawu okwera) payokha inafala Peter Baxandall wa ku Britain ataifotokoza m'magazini ya Wireless World mu 1952.

Madandaulo anayamba pamene oyendetsa anayamba kunyamula nyimbo zawozawo. Matepi a 8-track a Bill Lear analowa m'magalimoto a Ford mu 1965, kenako kaseti, imene Philips inatulutsa mu 1963, inawalanda malo. Munthu amene nyimbo ankaidziwa bwino kunyumba ankazindikira msanga kuti m'galimoto yasintha kukoma. M'galimoto si malo abwino omvetsera nyimbo. Magalasi amabweza mawu okwera, mipando ndi kapeti zimawameza, masipika a m'zitseko amaimbira miyendo m'malo mwa makutu, ndipo woyendetsa amakhala pafupi ndi sipika imodzi, kutali ndi inzake. Phokoso la injini ndi matayala nalonso limakhala la mawu otsika, choncho limakwirira besi. Kuwonjezera apo, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Laboratories anali atasonyeza kale mu 1933 kuti khutu la munthu limataya besi msanga voliyumu ikatsika.

Mmodzi mwa amene anachitapo kanthu anali Jim Fosgate wa ku America, amene mu 1973 anakonza chipangizo chokweza kwambiri mawu otsika ndi okwera kwambiri. Njira yakeyo, imene inadzatchuka ndi dzina lakuti Punch, inkatha kukweza besi ya pa 45 Hz ndi 18 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa mawu). Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 m'masitolo munadzaza timabokosi tomangirira pansi pa dashibodi, tokhala ndi timabatani tisanu kapena tisanu ndi tiwiri tokankhira m'mwamba ndi pansi. Apa m'pamene ntchito yolinganiza ija inaiwalika. Ambiri ankakweza timabatani ta m'mphepete, tapakati n'kutitsitsa, mzere wake n'kumaoneka ngati pakamwa pomwetulira. Galimoto inkagunda ndithu, koma mawu a woimba, amene amakhala m'gawo lapakatilo, ankamira.

Kampani ya Bose inabwerera ku cholinga choyamba. Pogwirizana ndi Delco ya General Motors, inayeza mmene mawu amamvekera m'kati mwa mtundu uliwonse wa galimoto, n'kuikiratu ikwalaiza yogwirizana ndi galimotoyo kufakitale. Zimenezi zinayamba ndi magalimoto a chaka cha 1983 monga Cadillac Seville ndi Buick Riviera. Woyendetsa sankafunikanso kulimbana ndi timabatani tambirimbiri.

Masiku ano ntchitoyi imachitika ndi kakompyuta ka m'kati mwa wailesi. Mmisiri amaika maikolofoni pamene pamakhala mutu wa woyendetsa, amaona magawo amene apitirira muyezo, ndipo amatha kuchedwetsa pang'ono mawu a sipika yapafupi kuti afike limodzi ndi a yakutali. Amisiri odziwa amayamba ndi kutsitsa gawo limene lachuluka asanakweze limene laperewera, chifukwa kukweza kumadya mphamvu. Kuwonjezera 3 dB kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri kuchokera ku ampulifaya, ndipo ikalephera mawu amasweka, sipika n'kupsa. Kukweza besi ndi 18 dB zonse za Fosgate kumafuna mphamvu yochuluka pafupifupi ka 63.